Kafukufuku wa Masukulu a Ukachenjede pa Anthu a m'Mapulazi a ku Mashonaland, ndi Gawo la Sinodi ya Harare



Pa nthawi ya chikumbutso mpingo uyang'ana m'mbuyo kuti uwerenge zokoma zimene Mulungu anauchitira. Pochita ichi nkoyenera kufunsanso kuti mbiri ya anthu a mpingowo inalembedwa ndi yani, ili m'chinenero chanji, ndipo isungidwa kuti. Akhristu ambiri a Sinodi ya Harare ndiwo ana ndi zidzukulu za anthu amene anagwira ntchito m'mapulazi a ku Mashonaland. Kwa zaka zambiri akatswiri a m'masukulu a ukachenjede akhala alikufufuza za moyo wa anthu amenewa, ndipo analemba mabuku olemera. Koma eni ake nkhani sanawawerenge mabukuwo, ndipo zina zofunika zimene ofufuza sanathe kuzipeza zili m'manja mwa mpingo. Mau ano afotokoza zimene kafukufukuyu anapeza, zimene zinamupinga, ndi udindo umene watsalira Sinodi.

1. Anthu amene nkhaniyi iwanena

Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 amuna a ku Nyasaland anali kutsika pansi kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, nafika ku Mtoko ndi ku Salisbury kudzafuna ndalama ya msonkho ndi ya zovala. Komiti imene boma la Nyasaland linaika m'chaka cha 1935, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti anthu 120,000 anali kunja kwa dziko, ndiko kuti koposa mwamuna mmodzi mwa amuna anai alionse. M'chaka cha 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anapangana za kayendedwe ka antchito, ndipo magalimoto a Ulere anayamba kunyamula anthu osalipira. Ena anabwera polembedwa ndi bungwe limene anthu analitcha Mthandizi. Ambiri anabwerera kwao, koma ambirinso anatsalira, ndipo kumudzi anatchedwa machona.

Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatsa Azungu nthaka yabwino ya ku Mazowe, Bindura, Banket, Trelawney, Marondera ndi madera ena, kumene fodya ndi chimanga zinali kufuna manja ambiri. Wantchito anali kukhala m'komboni, kulandira poso wa ufa, nyemba ndi mchere, ndi kulipidwa pamene tikiti yake ya masiku 30 yadzaza. Lamulo la Masters and Servants linali kumuona ngati wantchito wa pakhomo pa bwana, kotero kuti kuthawa ntchito kunali mlandu wa ku khoti. M'zaka za m'ma 1950 antchito a m'mapulazi oposa theka anali ochokera kunja, makamaka ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia.

Anthu amenewa ndiwo amene Mbusa T.C.B. Vlok anawatsatira pamene anafika ku Salisbury m'chaka cha 1912, atatumikira ku Nyasaland kuyambira 1889. Ntchito imene inayamba pamenepo inakula kufikira inakhala Sinodi yoima payokha m'CCAP m'chaka cha 1965. Motero mbiri ya mapulazi ndi mbiri ya Sinodi sizingalekanitsidwe.

2. Zimene ofufuza anapeza

Sukulu ya ukachenjede ya University College of Rhodesia and Nyasaland inakhazikitsidwa ku Salisbury m'chaka cha 1955, niyamba kuphunzitsa m'chaka cha 1957. Mmodzi mwa aphunzitsi ake oyamba anali J. Clyde Mitchell, amene anakhalapo pakati pa Ayao a ku Nyasaland nalemba buku la The Yao Village la 1956. Iye anafunsa chifukwa chake anthu asiya midzi yao. Yankho lake linali lakuti umphawi ndiwo muzu, koma tsiku lenileni lonyamuka lisankhidwa ndi zochitika za pabanja, monga mkangano, ukwati kapena ngongole. Giovanni Arrighi, amene anaphunzitsa za chuma pa sukulu yomweyo, anapitirira pamenepo. M'zolemba zake za 1970 anaonetsa kuti umphawiwo sunagwe ngati mvula, koma unapangidwa ndi msonkho, kulandidwa kwa nthaka, ndi malamulo ofooketsa ulimi wa anthu akuda, kufikira munthu analibe njira ina koma kugulitsa mphamvu zake. Charles van Onselen, m'buku la Chibaro la 1976, anafotokoza moyo wa m'makomboni a migodi, kumene anthu a ku Nyasaland anali ochuluka.

Za mapulazi enieni, Gordon Chavunduka analembapo m'chaka cha 1972, ndipo Duncan Clarke anatulutsa buku la Agricultural and Plantation Workers in Rhodesia m'chaka cha 1977, losindikizidwa ndi Mambo Press ku Gwelo. Clarke anasonkhanitsa ziwerengero za malipiro, za poso, za nyumba ndi za sukulu, naonetsa kuti antchito a m'mapulazi ndiwo anali pansi pa antchito ena onse a m'dziko. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1980 lamulo la Masters and Servants linathetsedwa, ndipo boma linaika malipiro ochepetsetsa a madola 30 pa mwezi kwa antchito a m'mapulazi ndi a m'nyumba.

M'chaka cha 1981 Rene Loewenson ndi anzake anasindikiza zimene anapeza atayesa ana ndi kuyendera zitsime ndi zimbudzi za m'makomboni. Anapeza ana ambiri opinimbira ndi njala pakati pa minda yodzala ndi chimanga. Zolemba zotere zinalimbikitsa ntchito yophunzitsa anthu a m'komboni momwemo, makamaka amai, kuti aziyang'anira za umoyo, imene inayambira ku Bindura mothandizidwa ndi bungwe la Save the Children. Apa paoneka kuti kafukufuku si masewera a anthu ophunzira: chiwerengero cholembedwa bwino chikhoza kufikitsa chitsime ndi katemera kumene kunalibe.

Blair Rutherford wa ku Canada anakhala m'mapulazi a fodya a ku Hurungwe, kufupi ndi Karoi, m'zaka za 1992 ndi 1993, ndipo buku lake la Working on the Margins linatuluka m'chaka cha 2001. Iye anaonetsa kuti ngakhale ufulu unafika, pulazi inali kulamulidwabe ngati khomo la munthu mmodzi. Nyumba, ngongole ya ku sitolo, sukulu ya ana, ngakhale milandu ya m'banja, zonse zinali kudalira mwini pulazi ndi akapitao ake. Anthu a m'komboni sanali kuloledwa kuvota pa zisankho za makhonsolo a m'madera kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Steven Rubert nayenso, m'buku la A Most Promising Weed la 1998, analondola mbiri ya antchito a fodya kuyambira 1890 kufikira 1945.

Tsono chinafika chaka cha 2000, pamene mapulazi anayamba kulandidwa ndi kugawidwa. Lloyd Sachikonye wa ku University of Zimbabwe anafufuza zotsatira zake, ndipo lipoti lake la 2003 linayerekeza kuti mwa antchito oposa 300,000 amene analipo kale, pafupifupi 200,000 anataya ntchito, ndipo osafika asanu pa 100 alionse ndiwo analandira malo. Amene makolo ao anachokera kunja ndiwo anavutika koposa, pakuti analibe mudzi wothawirako. Lamulo la unzika la 2001 linafuna kuti munthu akane poyera unzika wa dziko la makolo ake, ngakhale dzikolo sanalipondepo, ndipo ambiri amene sanathe kuchita ichi anasanduka alendo m'dziko lobadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, anabweza unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lao linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC. Komabe lipoti la Amnesty International la 2021 linapeza anthu ambiri akadali opanda kalata ya kubadwa ndi chitupa.

M'zaka zotsatira panatulukanso zolemba zina, ndipo zina mwa izo zinayang'ana Amalawi makamaka. Anusa Daimon analemba za iwo pa digiri yake ya udokotala ku University of the Free State m'chaka cha 2015, natcha ntchito yake Mabhurandaya, dzina limene Ashona anapatsa Amalawi potengera mzinda wa Blantyre. Andrew Hartnack anatulutsa Ordered Estates m'chaka cha 2016, ndipo Zoe Groves analemba mbiri ya machona a zaka za 1900 mpaka 1965 m'buku la 2020. Za mpingo weniweni pali buku la Mbusa M.S. Daneel, Mbiri ya CCAP Sinodi ya Harare 1912-1982, ndi zolemba za Samuel Gunde ku Stellenbosch zofufuza kakulidwe ka mpingo m'zaka 100 zoyamba.

3. Zopinga za kafukufuku m'dziko losauka

Ntchito yonseyi inachitika movutikira, ndipo zopinga zake ziyenera kudziwika kuti Sinodi ione pamene ingathandize.

Choyamba ndicho ndale. Wofufuza za chikhalidwe ndi mbiri afunsa mafunso amene olamulira sawakonda. Terence Ranger, mphunzitsi wa mbiri, anapirikitsidwa m'dziko m'chaka cha 1963. Arrighi anamangidwa pamodzi ndi aphunzitsi anzake m'chaka cha 1966, napirikitsidwanso. Pambuyo pa 2000 kulowa m'pulazi ndi kope ndi cholembera kunali kuika moyo pachiswe, ndipo wantchito woyankha mafunso anali kuopa amene ali kumuona.

Chachiwiri ndicho ndalama. M'dziko losauka boma liika patsogolo udokotala, ulimi ndi zomangamanga, ndipo maphunziro a mbiri, a zinenero ndi a chikhalidwe alandira zotsalira. Chifukwa chake ofufuza adalira thandizo la kunja, ndipo kawirikawiri mwini ndalama ndiye asankha funso. Chaka china afuna za edzi, chaka china za nthaka, ndipo ndalama zikatha wofufuza achoka nkhani isanathe. M'zaka za 2008 ndi 2009, pamene ndalama ya dziko inatha mphamvu, University of Zimbabwe inatsekedwa miyezi yambiri, ndipo aphunzitsi ambiri anapita ku maiko ena.

Chachitatu ndicho chinenero. Kupatula buku la Mbusa Daneel, zolemba zonse zatchulidwazi zili m'Chingerezi, ndipo zambiri zinasindikizidwa ku London, ku America kapena ku South Africa pa mtengo umene wantchito wa m'munda sangaufike. Nkhalamba imene inakhala pansi tsiku lonse kusimba za ulendo wake wa ku Tete sinamve konse chimene chinalembedwa za iyo. Ofufuza ambiri anafunsanso kudzera mwa womasulira, ndipo zimene munthu anena m'pemphero, pa maliro kapena m'mwambi sizioloka bwino pa mlatho wotere.

Chachinai ndicho kumene umboni uchokera. Zosungidwa ku National Archives of Zimbabwe, nyumba imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1935, ndi ku nyumba yosungira mbiri ya ku Zomba, zambiri zinalembedwa ndi maboma ndi olemba anthu ntchito. M'menemo munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu aoneka ngati nambala ya pa tikiti. Ofufuza anadziwa bwino malipiro ake ndi matenda ake, koma za chikhulupiriro chake, za nyimbo zimene anaimba Lamulungu pansi pa mtengo, za m'mene anasonkhera makobiri kumanga nyumba ya mapemphero ya udzu, zalembedwa pang'ono.

4. Chuma chimene Sinodi isunga

Pa mutu wachiwiri wa buku la Ezara pali nkhani ya anthu ena obwerera kuchokera ku Babulo amene sanathe kuonetsa nyumba za makolo ao. Ena a iwo anafunafuna maina ao m'mabuku a mibadwo osawapeza, ndipo anachotsedwa pa unsembe. Nkhani imeneyi anthu a m'makomboni aimva msanga, pakuti adziwa chimene chichitikira munthu amene dzina lake silipezeka m'buku.

Koma pali mabuku amene maina ao alimo. Mlaliki woyenda pa njinga kuchoka pulazi ina kunka ina anali kulemba a kalasi. Mbusa anali kulemba obatizidwa, makolo ao ndi malo ao. Mkhristu wochokera ku Nkhoma, ku Mlanda kapena ku Kongwe anali kubwera ndi kalata ya mpingo wa kwao. Pali mabuku a maukwati, maminitsi a misonkhano ya akulu a mpingo, mabuku a zopereka ndi a Chigwirizano cha amai. Kwa mwana wobadwira m'komboni, kutali ndi chipatala ndi ofesi ya boma, mwina buku la ubatizo ndilo lokha limene linalemba kuti iye anabadwa, kwa yani, ndi liti. Wofufuza wa mbiri akawerenga mabuku amenewa angathe kuona midzi imene anthu anachokera, njira zimene anasamukira, m'mene anakwatirana ndi Ashona ndi a ku Mozambique, ndi kumene anabalalikira mapulazi atagawidwa.

Chuma chachiwiri ndicho anthu. M'mipingo mukadali nkhalamba zimene zinaona tikiti ndi poso, zinakhala pakati pa moto m'nkhondo ya ufulu, ndipo zinaonanso chaka cha 2000. Chiwerengero chao chilikuchepa chaka ndi chaka, ndipo zidzukulu zambiri zilankhula Chishona koposa Chichewa. Nkhalamba yotere ikaikidwa m'manda isanafunsidwe, palibe yunivesite imene ingabweze zimene yapita nazo.

Chuma chachitatu ndicho kukhulupirika. Mlendo wobwera ndi galimoto apatsidwa yankho loyenera mlendo. Mkulu wa mpingo amene anadya nao nsima pa maliro auzidwa zenizeni. Chimene wofufuza achifuna kwa chaka chathunthu, mpingo uli nacho kale.

Mpingo usaope kufufuza. Luka, polembera Teofilo, anena kuti anayamba walondola zonse mosamala kwa mboni zoona ndi maso. Nehemiya anayendera malinga a Yerusalemu usiku asanauze anthu za kumanga. Nzoona kuti kafukufuku adzafunsa mafunso owawa. Popeza palibe anali kulowa m'pulazi popanda chilolezo cha mwini wake, wofufuza adzafuna kudziwa ngati mpingo unalankhula za malipiro ndi nyumba za akhristu ake, kapena unakhala chete kuti chipata chisatsekedwe. Adzalembanso za Gule Wamkulu ndi za Asilamu a Chiyao amene anakhala m'makomboni omwewo. Mpingo wokonzedwanso, umene uvomereza kuti uyenera kuyesedwa ndi choonadi masiku onse, ulibe chifukwa chobisira mabuku ake pa mafunso otere.

5. Zoti Sinodi ilingalire

Choyamba, mabuku akale a mipingo yonse awerengedwe, kuti kudziwike amene alipo ndi kumene ali. Ena ali m'mabokosi m'nyumba za akulu a mpingo, kumene chiswe, mvula ndi moto ziwadikira. Ajambulidwe tsamba ndi tsamba, ndipo zojambulazo zisungidwe m'malo awiri osiyana.

Chachiwiri, mpingo uliwonse usankhe achinyamata awiri kapena atatu oti akhale pansi ndi okalamba, kujambula mau ao m'Chichewa ndi kuwalemba monga ananenera, pamodzi ndi dzina la mudzi, la mfumu ndi la pulazi. Lamya za m'manja zimene achinyamata ali nazo zikwanira ntchito imeneyi.

Chachitatu, Sinodi iike lamulo la m'mene ofufuza angalowere. Wofuna kufunsa akhristu ayambe wafotokoza cholinga chake ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo munthu aliyense akhale ndi ufulu wokana. Mabuku a milandu ya mpingo asatsegulidwe pamene eni ake kapena ana ao akali moyo, pakuti zoululidwa kwa akulu a mpingo si za pa msika. Dzina la munthu wopanda chitupa lisatulutsidwe. Ndipo wofufuza alonjeze kubweranso kudzafotokoza zimene wapeza m'chinenero cha anthu, ndi kusiya buku limodzi ku ofesi ya Sinodi.

Chachinai, zimene zinalembedwa kale zifupikitsidwe m'Chichewa ndi m'Chishona, kuti ziwerengedwe pa misonkhano ya abusa, ya Chigwirizano ndi ya achinyamata. Mbusa wodziwa gawo 43 la malamulo a dziko angathe kuperekeza mkhristu wake ku ofesi ya kalembera molimba mtima.

Chachisanu, Sinodi ilimbikitse ana ake kuphunzira mbiri, zinenero ndi za chikhalidwe cha anthu, osati zaubusa zokha. Abusa opita ku maphunziro apamwamba asankhe mitu yochokera m'mipingo yao. Makolo amene ayesa kuti maphunziro otere sabala ndalama akumbutsidwe kuti anthu opanda wolemba mbiri yao alembedwa ndi ena, ndipo amene alemba ndiye amvedwa ndi boma.

Akatswiri a m'masukulu a ukachenjede anachita gawo lao, ena mpaka kumangidwa ndi kupirikitsidwa, ndipo ayenera kuyamikidwa. Anaonetsa dziko kuti fodya wa ku Mashonaland anakula ndi thukuta la anthu amene dzikolo linachedwa kuwawerengera. Gawo lotsala ndi la mpingo umene unawabatiza, unawakwatitsa ndi kuwaika m'manda. Nthumwi zikabwerera ku mipingo yao, ntchito yoyamba ikhale kufunsa kumene kuli buku la ubatizo lakale koposa onse, ndi kupeza nkhalamba imene iyenera kufunsidwa chaka chino chisanathe. Ambuye wa Eklesia, amene adziwa anthu ake ndi maina ao, apatse Sinodi nzeru ndi mphamvu pa ntchito imeneyi.